Magalasi ofinya mphuno amathera m'thumba

Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, mbali yaikulu ya msewu wochoka pa boma la Mangochi kudutsa ku Malindi ndi ku Lungwena kulowera kwa Makanjira imakhala ya fumbi lokhalokha. Lole ikadutsa, wa njinga yamoto amene ali pambuyo pake amayenda mamita angapo asakuona chilichonse. Chodabwitsa n'chakuti anyamata ambiri a kabaza magalasi otchinga maso ali nawo, koma ali pachipumi, pamwamba pa helemeti, m'khosi, kapena m'thumba la jekete. Mukawafunsa chifukwa, mayankho ake ndi omweomwewo: amandifinya mphuno, amatsetsereka, amachita nthunzi, amandipweteketsa mutu. Ndiye mnyamata amatsinzinira n'kupitiriza ulendo, atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo.

Ambiri a ife tikamva zimenezi timati anyamatawa ndi osamva. Ine ndikuti vuto lili pa magalasiwo. Chinthu chimene chikukupweteka suchivala tsiku lonse, ngakhale akulalikire chotani za ubwino wake. Kufuna magalasi okwana bwino pankhope si matama ayi, chifukwa pamenepo m'pamene pagona funso lakuti munthu awavala kapena sawavala. Magalasi amene ali m'thumba sateteza diso la munthu aliyense, ngakhale akhale okwera mtengo bwanji.

Dandaulo lomweli alinso nalo anthu amene fumbi la kwa Makanjira sanalionepo. M'mayiko ozizira monga Finland, Canada ndi Japan muli masewera a ski, otsetsereka pa chipale chofewa kuchoka pamwamba pa phiri, munthu ataponda timatabwa tiwiri titalititali. Osewerawo amavala magalasi aakulu a lamba, okhala ndi siponji m'mphepete, ofanana kwambiri ndi amene anyamata a kabaza amagula pamsika. Amawavala chifukwa cha mphepo yozizira komanso kuwala. Chipale chatsopano chimabweza mpaka magawo 80 pa 100 a kuwala kwa dzuwa kotchedwa UV, kumene maso athu sakuona koma kumawotcha kunja kwa diso. Munthu akakhala tsiku lonse pachipale opanda chotchinga, usiku wake maso amamuwawa ngati muli mchenga.

Kwa zaka zambiri magalasi amenewa ankapangidwa potengera nkhope za azungu, amene ambiri fupa lawo la pamwamba pa mphuno, pakati pa maso, ndi lotukuka ndiponso lopyapyala. Anthu a ku Japan, Korea ndi China akawavala, pamphuno pankatsala mpata, mphepo n'kumalowa, magalasi n'kumagwera pamasaya. Makampani monga Oakley ndi Smith anayamba kupanga mtundu wina umene poyamba ankautchula kuti Asian fit, ndipo masiku ano ambiri amati low bridge fit. Anawonjezera siponji pamphuno, anasinthanso kapindidwe ka felemu. Sikuti makampaniwa anagwidwa chifundo. Ogula a kumeneko anali ndi ndalama, anadandaula, ndipo katundu wosawakwana anamusiya pashelefu. Wogulitsa anamva.

Kale kwambiri makampaniwa asanabadwe, anthu a mtundu wa Inuit, a kumpoto kwenikweni kwa Canada, Alaska ndi Greenland, ankasema okha zotchingira maso pogwiritsa ntchito mafupa, minyanga ndi mitengo yokokoloka ndi madzi. Ankaboola kampata kakang'ono kopingasa koonera, ndipo mkati ankasema motsatira nkhope ya mwini wake kuti kuwala kusalowere m'mbali. Analibe fakitale, koma anadziwa kuti ntchito imayambira pa nkhope ya wovalayo.

Tsono tiyeni tione zimene zimachitika pamphuno yathu. Amalawi sitili ndi mphuno imodzi, ndipo ku Mangochi kokha mupeza zamitundumitundu. Komabe ambiri a ife fupa la pakati pa maso ndi lotsika, ndipo mphuno imatambasuka m'munsi. Magalasi opangidwira mphuno yotukuka akafika pankhope yotere amasowa pokhala. Amatsetsereka kuchoka pafupa n'kukakhala pamalo pofewa, pamwamba pa zibowo zopumira. Wovalayo akaona kuti akugwa amamangitsa lamba, ndipo lambayo amakanikizira felemu pamalo pofewa pomwe paja. Mphuno imatsekeka, munthu amayamba kupumira pakamwa, fumbi lonse la mumsewu n'kumalowa kukhosi. Mpweya wofunda wochoka m'mphuno umakwera kudzera pampata umene watsala, galasi limachita nthunzi. Pakatha mphindi 20 mnyamata uja amawakankhira pachipumi. Ndani angamudzudzule?

Ku Lungwena nkhaniyi si ya kabaza yokha. Dera limeneli lili kummawa kwa nyanja, kutanthauza kuti masana onse dzuwa likamapendeka limawalira pamadzi n'kulunjika m'maso mwa anthu amene ali pagombe. Madzi ndi mchenga zimabwezanso kuwala kwa UV, ngakhale kuti sizifika pa chipale. Onjezerani mphepo ya mwera ya pakati pa Meyi ndi Ogasiti, imene imaulutsa mchenga. Dzuwa, mphepo ndi fumbi zikaphatikizana kwa zaka, zimayambitsa kanyama komera pa mbali yoyera ya diso n'kumakwawira pakati, kamene achipatala amati pterygium. Kakakula kamatchinga kuona ndipo kamafunika opaleshoni. Kuwala komweku kumafulumizitsanso ng'ala. Msodzi, mayi woyanika usipa pathandala, ndi mnyamata wopalasa bwato ndi anthu amene magalasi a dzuwa angawathandize kuposa ife amene timawavala pojambulitsa zithunzi za pa Facebook. Koma msodzi amawerama, amakoka khoka, amatuluka thukuta. Magalasi otsetsereka amagwera m'madzi tsiku loyamba, ndipo sagulanso ena.

Pitani pa malo a malonda aliwonse m'boma la Mangochi, mukapeza owotcherera zitsulo akupanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Ambiri amagwira ntchito atavala magalasi akuda wamba, ena amangotembenuza nkhope moto ukathetheka. Matenda amene amawadzutsa pakati pa usiku, maso akutuluka misozi ngati athiridwa tsabola, ndi omwe aja amene amagwira wosewera pachipale, chifukwa moto wowotcherera umatulutsa UV wochuluka. Magalasi a dzuwa wamba sakwanira pa ntchito imeneyi, pamafunika chigoba cha galasi lakuda lopangidwira zimenezo. Koma pochekera ndi kupala zitsulo, pamene tizidutswa timauluka, pamafunika magalasi oyera okwana bwino, opanda mpata m'mbali ndi pamphuno. Kachitsulo kakang'ono ngati njere ya mchenga kakalowa pampata umenewo kangathe kutha diso la munthu wa zaka 25 amene akudyetsa banja.

Palinso abale athu achialubino. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno muli anthu oposa 134,000 achialubino. Maso awo savomera kuwala kwambiri, ndipo ambiri saona bwino patali. Kwa iwo magalasi ndi chipewa zili ngati mankhwala a tsiku lililonse. Khungu lawo silichedwa kupsa ndi dzuwa, ndiye felemu yokhula pamphuno kapena kuseri kwa khutu imawonjezera zilonda pamalo amene akuvutika kale. Mwana wachialubino akapatsidwa magalasi a munthu wamkulu amene akungogwa, amawavula, ndipo pa bolodi saonanso.

Nkhani ya mandala, magalasi othandiza kuona, ndiye yovuta kuposa pamenepa. Galasi lililonse la mandala lili ndi malo ake apakati amene ayenera kulunjika pa kamwana ka diso. N'chifukwa chake woyeza maso amayezanso mtunda wa pakati pa maso awiri, umene kwa akuluakulu ambiri umakhala pafupi ndi mamilimita 63, ena kuchepera, ena kuposa. Mandala akatsetsereka, munthu amayang'anira pamalo olakwika, ndipo ngati galasilo ndi lamphamvu mutu umapweteka, pansi pamaoneka ngati papendekeka. Mwana wasukulu amangoyang'ana pamwamba pa felemu. Kenako kunyumba amati, "Mwaona? Magalasi amawononga maso." Chikhulupiriro chimenechi ndi cholakwika, koma si chopanda pochokera. China mwa zimene zimachilimbikitsa ndi magalasi osayezedwa bwino.

Apa ndi pamene ndimasemphana ndi anthu a mtima wabwino amene amabwera ndi makatoni a mandala akale ochokera kunja n'kumagawa pa sukulu, pa tchalitchi kapena pa mzikiti. Mandala si malaya a kaunjika oti akakula upinda manja. Anapangidwira maso a munthu mmodzi, diso lakumanja mphamvu yake, lakumanzere mphamvu yake, pa mphuno yake. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2012 m'magazini ya Optometry and Vision Science anayesa mandala 275 operekedwa motere ndipo anapeza kuti 7 okha pa 100 alionse ndiwo anali oti angagwire ntchito. Atawerengera ndalama zosonkhanitsira, kusankha, kutsuka ndi kutumiza, peyala imodzi yabwino inkadya pafupifupi madola 20 a ku America, kuwirikiza kawiri mtengo wa mandala atsopano opangiratu. Bungwe la International Agency for the Prevention of Blindness limalangiza mamembala ake kuti asamadalire mandala akale. Wopereka amabwerera kwawo ndi zithunzi za agogo akumwetulira. Pakatha sabata, mandala aja ali m'chikwama pamodzi ndi makadi akale a kusikelo.

Ndikudziwa zimene ena anene. Adzati munthu wosauka sasankha, chilichonse n'chabwino kuposa kukhala opanda kanthu. Pa zinthu zina n'zoona, koma pa maso ayi. Magalasi akuda amene alibe chotchinga UV amachititsa kamwana ka diso kutseguka kwambiri, chifukwa diso limayesa kuti kwada, ndipo kuwala koipa kumalowa kochuluka kuposa munthu akanapanda kuvala. Magalasi akuda pa njinga yamoto usiku amabisa mbuzi ndi dzenje. Mandala a mphamvu yolakwika amachititsa munthu kudana ndi mandala onse mpaka kalekale. Wosauka ndi amene sayenera kulakwitsa pogula, chifukwa ndalama yogulira kachiwiri alibe.

Ena adzati dziko lili ndi mavuto aakulu, malungo, njala, kolera, ndiye tingataye nthawi ndi mphuno? Lipoti la World Health Organization la 2019 linati anthu osachepera 2.2 biliyoni padziko lonse ali ndi vuto la kuona, ndipo pa anthu osachepera 1 biliyoni vutolo likanapewedwa kapena silinathandizidwe. Gawo lalikulu la amenewa akungofunika mandala. Ku Assam, m'dziko la India, kafukufuku wa 2018 anapeza kuti othyola tiyi a zaka 40 kupita m'tsogolo amene anapatsidwa mandala owerengera anayamba kuthyola tiyi wochuluka ndi magawo pafupifupi 22 pa 100. Taganizirani bambo wa ku Lungwena wosoka maukonde, telala wa pakhonde la sitolo, shehe wowerenga Qur'an, mayi wowerenga meseji ya ndalama pafoni. Munthu akapitirira zaka 40 diso limayamba kulephera kuona pafupi, ndipo zimenezi sizisankha mtundu. Mandala okwana bwino amamubwezera zaka za ntchito. Imeneyi ndi nkhani ya chakudya cha pakhomo. Ndipo dziko lino linaonetsa kale kuti likaika mtima pa maso limatha: mu Seputembala 2022 WHO inalengeza kuti Malawi wathetsa matenda a trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu.

Mtsutso wachitatu ndi wakuti msika wathu ndi waung'ono, fakitale ya ku China kapena ku Italy singasinthe makina chifukwa cha Malawi. Mwina. Koma mafelemu a mphuno yotsika alipo kale, mafakitale omwewo amawapanga tsiku lililonse. Funso ndi lakuti amene amaitanitsa katundu ku Limbe ndi ku Lilongwe amasankha chiyani, ndipo amasankha potengera chiyani. Ngati akungoyang'ana katoni yotchipa, ndi chifukwa chakuti palibe wogula amene anabwezapo katundu n'kunena kuti sakundikwana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ogula a ku Japan anatsekula chawo.

Tsono ife ophunzira tingachitepo chiyani? Choyamba, tidziwe kugula, ndipo tiphunzitse a kwathu. Pa kandodo ka felemu kopita kukhutu pamalembedwa manambala atatu, mwachitsanzo 52, 18 ndi 140. Yoyamba ndi kutambasuka kwa galasi limodzi, yachiwiri ndi kutalika kwa kamlatho kokhala pamphuno, yachitatu ndi kutalika kwa kandodoko, zonse m'mamilimita. Mukapeza felemu yokukwanani, lembani manambalawo. Poyesa, weramani ngati mukutola chinthu, gwedezani mutu, mwetulirani. Ngati magalasi akugwa, kapena masaya akuwanyamula, si anu. Felemu yachitsulo yokhala ndi timapilo tiwiri ta pamphuno ndi yabwino kwa ambiri a ife chifukwa timapiloto timapindika, ndipo woyeza maso angatisendeze m'mphindi zochepa. Amene munagula mandala kuchipatala kapena kwa oyeza maso, bwererani akakukonzereni. Ndi mbali ya ntchito imene munalipira.

Wa kabaza ayese magalasi a lamba atavala helemeti yake, chifukwa helemeti ndi imene nthawi zambiri imawakankhira pansi n'kuwakhazika pamphuno. Atseke pakamwa n'kupumira m'mphuno. Ngati mpweya ukuvuta, asagule. Siponji ikhudze nkhope mozungulira monse popanda kumangitsa lamba, ndipo chala chisalowe pakati pa siponji ndi mphuno. Akhale nawo kwa mphindi zingapo asanapereke ndalama, osati kungodziyang'ana pagalasi n'kuvula. Wa usiku atenge oyera. Wogula magalasi a dzuwa afunefune olembedwa UV400, akumbukirenso kuti kapepala komata aliyense angasindikize, ndiye kumene kuli kotheka agule kwa oyeza maso, amene ena mwa iwo ali ndi kachipangizo koyezera.

Chachiwiri ndi cha inu amene mukuphunzira ntchitoyi. Mzuzu University inayamba kuphunzitsa digiri ya kuyeza maso mu 2008, ndipo Malawi College of Health Sciences imaphunzitsanso akatswiri othandizira pa ntchito yomweyi. Chaka chilichonse ophunzira amasowa mutu wa kafukufuku, n'kumabwereza mafunso amene anzawo anafunsa kale. Nawu mutu: tengani choyezera, pitani pagombe, pa sukulu ndi pa siteji ya kabaza, muyeze mtunda wa pakati pa maso, kutalika ndi kutambasuka kwa mphuno, ndi mtunda wofika kukhutu. Kenako muyeze mafelemu amene ali pamsika wa Mangochi, muone kuti angati akugwirizana ndi nkhope zimene mwayezazo. Zotsatira zake zingauze woitanitsa katundu, chipatala ndi bungwe lothandiza kuti agule mafelemu ati. Bwererani pakatha miyezi itatu mukawerenge amene akuvalabe, chifukwa nambala imeneyo ndi imene ili ndi tanthauzo, osati nambala ya amene analandira.

Lungwena ndi malo oyenera kuyambira, chifukwa anthu ake tepi yoyezera amaidziwa. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1990, College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, pamodzi ndi yunivesite ya mumzinda wa Tampere ku Finland, akhala akuchita kafukufuku pa chipatala cha Lungwena wokhudza amayi oyembekezera ndi kakulidwe ka ana. Ana a m'midzi imeneyi anayezedwa msinkhu, kulemera ndi kukula kwa mutu, ndipo zotsatira zake zawerengedwa ndi akatswiri a zakudya m'mayiko ambiri. Ana oyambirira aja lero ndi akuluakulu, ndipo a msinkhu wawo ndi amene akuyendetsa njinga zamoto ndi kupalasa mabwato. Dera limene lapereka miyezo yambiri chotere ku dziko lapansi liyenera kuona muyezo wina ukubwerera ngati chinthu chogwirika, chovala pankhope.

Chachitatu ndi cha amene mwamaliza maphunziro ndipo mukudikira ntchito. Ena mwa inu mukugulitsa kale katundu wa pa intaneti. Musanaitanitse katoni ya magalasi, funsani wogulitsayo ngati ali ndi a mphuno yotsika, itanitsani mitundu itatu kapena inayi m'malo mwa umodzi, ndipo lolani wogula ayese modekha. Wa kabaza mmodzi akapeza omukwana, siteji yonse idzakufunani. A uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST, siponji yowonjezera pamphuno imene makampani akuluakulu anatulukira si ya matsenga. Kasiponji kodulidwa bwino ndi guluu wosapweteka khungu zingasandutse magalasi a m'thumba kukhala a pankhope. Ndipo amene mudzagwire ntchito m'mabungwe, tsiku limene bwana adzakutumeni kukagawa magalasi, mudzafunse kuti woyeza ali kuti, ndipo ndani adzabwerenso kudzakonza amene sakukwana.

Tinaleredwa kuti ukapatsidwa chinthu uwombe m'manja, osachitembenuza pamaso pa wopereka. Ndi khalidwe labwino, ndipo sindikuti tilitaye. Koma ulemu womwewo watiphunzitsa kuvomera nsapato yothina, desiki ya msinkhu wa mwana wina, helemeti yogwedera, ndi magalasi ofinya, n'kumaganiza kuti thupi lathu ndi limene lalakwa. Mphuno yanu ilibe mlandu. Kunena kuti "zikomo, koma awa sakundikwana, kodi alipo ena?" si mwano, ndipo wopereka wanzeru amafuna kumva zimenezo kusiyana n'kuti ndalama yake ithere m'chikwama.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Magalasinso n'chimodzimodzi. Mabungwe awerenge amene agawidwa, ogulitsa awerenge amene atuluka m'sitolo, koma amene akugwira ntchito ndi okhawo amene ali pamphuno pa munthu nthawi imene lole yadutsa, dzuwa lapendekera kunyanja, kapena mphunzitsi walemba pa bolodi. Mukapita kumudzi patchuthi chino, tengani mandala a agogo muwayang'ane kumene akukhala. Ngati ali kunsonga kwa mphuno, kapena amangidwa ndi kachingwe kuzungulira mutu, apititseni kwa woyeza maso.